Mano a Kambuzi ka Che Mbwana

Anzanga, ndiyambe ndi nkhani yabwino: bambo anga, Che Ajusa, ntchito sinawathere, ndipo sefa ija yabwerera mu ukonde!

Paja bambo amayendetsa boti la Che Mbwana, lija limakoka ukonde pansi pa nyanja. Pakhomo pa thumba la ukondewo pamakhala sefa ya zitsulo. Nsomba zikuluzikulu za chisawasawa zimatsalira m'thumba, tiana timapulumukira m'mipata. Che Mbwana analamula kuti sefayo ichoke, bambo nkuimasula, koma nkukana kulowa panyanja popanda iyo.

"Tiyeni kwa Shehe Twaibu," anatero mwini botiyo. "Akaweruza mokomera ine, makiyi a boti mundibwezere pomwepo."

Itatha swala, pemphero la Lachisanu, anawapeza Shehe pakhonde la mzikiti akupinda mikeka. Bambo anakhala pansi, makiyi atawafumbata.

"Shehe, riziki, chakudya chathu cha tsiku ndi tsiku, amapereka ndani?" anafunsa Che Mbwana.

"Allah yekha."

"Ndiye nsomba ikalowa mu ukonde wanga, si riziki langa? Munthu uyu akulibwezera m'madzi. Kumeneko si kunyoza Wopereka?"

Bambo anangoti maso pamkeka, akuganiza za ife ana kunyumba.

"Funso lanu ndi lolemera, Che Mbwana, ndipo za nyanja mumazidziwa ndinu," anatero Shehe. "Koma mundikumbutse. Pa Idi ya nsembe, kambuzi kaja munakabwezera m'khola, kanalakwanji?"

"Ndinakatsegula kukamwa, Shehe. Mano a mkaka okhaokha. Kanali kasanafike msinkhu."

"Chonsecho kanali kanu, chingwe chili m'manja, mpeni mutanola."

"Kanali kanga, inde."

"Ndiye munanyoza riziki?"

"Ayi ndithu. Kakukula m'kholamo, chaka chamawa kadzakhala mbuzi yeniyeni."

Shehe anaika mkeka pambali. "Mbuzi mumaitsegula kukamwa ndi manja anu. Nsomba ili pansi pa nyanja, kumene dzanja lanu silifika. Zitsulo zija ndizo zala zanu, zimayang'ana msinkhu m'malo mwanu. Mukazichotsa, ndiye kuti mwazinga kambuzi musanakayang'ane mano."

Kenaka Che Mbwana anatambasula dzanja. Bambo anayamba kupereka makiyi aja. Koma Che Mbwana anagwira zala za bambo, nkuzipindira pamakiyi pomwepo.

"Che Ajusa, sefa ija munaisunga kuti?"

"Kunsi kwa bedi, bwana."

"Ndimadziwa kuti simungaitaye, nkhutukumve inu. Kaimangeni."

Ndiye anzanga, mawa m'mawa boti likamakocheza, bwerani padoko tisanalowe m'kalasi. Bambo alonjeza kutionetsa sefayo, aliyense alowetse chala m'mipatamo. Mudzafufuzenso m'madengu, muone ngati mupezemo kamwana ka nsomba ngakhale kamodzi.