Khomo la Mkamwini Mvuu

Gologolo ndi Birimankhwe ankagwira ntchito mu shopu yosindikiza mapulani a nyumba, koma sankagwirizana. Gologolo anali waphuma. Birimankhwe ankayeza pepala lililonse ndi rula lisanaperekedwe kwa mwini wake, ndipo Gologolo ankamuseka kuti adzamera imvi ali pa tsamba loyamba.

Tsiku lina kunabwera Mvuu ndi mapulani a masamba makumi atatu. Anali atangolowa kumene chikamwini, ndipo apongozi ake anali atanenetsa kuti nyumba ikapanda kutha mvula isanagwe, mwana wawo abwerera kukuka.

"Amisiri akundidikira," anatero Mvuu akupukuta thukuta. "Chonde achimwene, banja langa lili m'manja mwanu."

Gologolo anatumiza masamba onse ku makina nthawi imodzi. Atatuluka masamba makumi awiri, makina analira n'kuima chifukwa mpukutu wa pepala lalikulu unali utatha. Iye anathamangira kusitolo n'kubwera ndi mpukutu wocheperako m'lifupi. Makina anafunsa ngati achepetse zojambulazo kuti zikwane, ndipo Gologolo anadina batani lovomera.

"Taimani kaye, anzanga," anatero Birimankhwe. "Tiyeze tsamba limodzi tione ngati likufanana ndi oyamba aja."

"Inu diso lina kudenga lina pansi, muona chiyani? Chitseko si ichi chikuoneka bwinobwino?"

Pamene Birimankhwe ankafika pomwe panali rula, Mvuu anali atapita kale ndi mapepala ake.

Amisiri anali a Chiswe, omwe safunsa funso pa ntchito. Ankayeza mzere papepala, n'kuchulukitsa, n'kumanga. Makoma anawatenga pa masamba oyamba, ndipo anatuluka aakulu bwino. Khomo ndi mawindo zinali pa masamba ochepetsedwa aja.

"Bwana, khomoli silikuchepa?" anafunsa mmisiri wina.

"Iwe unajambula ndiwe?" anayankha kapitawo. "Ponya dothi."

Tsiku loonetsa nyumba, mudzi wonse unasonkhana. Mvuu anaona kuti khomo lachepa, koma apongozi anali atakhala pamkeka akumuyang'ana, choncho anakoka mimba n'kulowa. Mutu unadutsa, mapewa anadutsa movutikira, mimba inakana. Anatsala pomwepo, mbuyo yonse italoza kwa apongozi, kamchira kakugwedezeka.

Apongozi anaphimba kumaso ndi chitenje, mapewa akunjenjemera ndi phwete.

"Tikudziwa kuti mkamwini sayang'anizana ndi apongozi," anatero, "koma ulemu uwu wanyanya, bambo."

A m'mudzi anamukoka miyendo, anamupaka sopo, koma sizinathandize. Pomaliza anakamutenga Gologolo kuti adzadule felemu ya chitseko ndi mano ake. Anaiteketa masiku awiri, Mvuu akumwetsedwa phala ndi chipande chachitali kudzera pa kawindo. Kushopu, Birimankhwe anali atapeza mpukutu waukulu ndipo ankasindikizanso masamba khumi aja, kuyeza limodzilimodzi.

Apongozi anawonjezera sabata imodzi, ati chifukwa anali asanasekepo chotero chimwalirire amuna awo. Khomo latsopano linatha mitambo itayamba kale kuda, ndipo banja linapulumuka. Gologolo anatha mwezi wathunthu akudya nthochi zokhazokha chifukwa mano ankamuwawa, ndipo makina akangolira ankayamba iyeyo kufunsa kuti, "Rula ija ili kuti, achimwene?"

Phunziro: Yesani chimodzi musanatumize zonse. Mphindi imene waphuma akuti wapulumutsa amadzailipira ndi mano ake, ndipo wokanirira pakhomo amakhala wina wosalakwa.