Kamlonda ka Miyendo Itatu

Ku Tamale, kuseri kwa chigayo, Wumbei anali ndi kashopu kopangira makina oswetsera mazira a nkhanga. Luso anali nalo ndithu, koma khutu lake linali la mwala.

Tsiku lina mkazi wake Sanatu, mwana ali kumsana, anaona kuti pabolodi la zamagetsi la makina atsopano pali malo opanda kanthu.

"Bambo a Napari, kamlonda kaja kali kuti?"

Kamlondako ndi kachipangizo ka miyendo itatu, kochepa ngati njere ya mpunga. Magetsi akafooka, kamagoneka ubongo wa makina, ndipo akakhazikika kamaudzutsa kuti uyambirenso bwinobwino. Popanda iko, ubongowo umatha kungouma gwa, osafa, osagwira ntchito.

"Tinatha timeneto. Ndikwere basi mpaka ku Kumasi chifukwa cha kansabwe? Taonani utotowu, taonani manambala obiriwirawa!"

"Nanga chigayo chikalira, babu lathuli siliphethira?"

"Mwasanduka injiniya liti, mayi a Napari? Mwana akayetsemula kamodzi, inu muli kale pamzere kuchipatala. Magetsi akazima, makinawa amayambiranso okha."

"Akazima, inde. Nanga akangofooka?"

Wumbei anangoyimba mluzu.

M'makinamo munalowa mazira mazana awiri amene mayi ake a Sanatu anatola m'dzinja lonse kuti mwana wawo ayambire khola lake. Sanatu ankawasuzumira ngati khanda lodwala. Pa tsiku la makumi awiri ndi anayi, kutatsala masiku anayi okha, chigayo chinabangula masana ndipo babu linachita chizimezime. Sanatu anathamangira kumakinako: nambala ya kutentha inali 37.5. Anasambitsa mwana, nabwerera: 37.5. Atapemphera, 37.5 yomweyo. Komatu nambalayo masiku onse inkavinavina, kukwera pang'ono, kutsika pang'ono. Anagunditsa kuseri kwa dzanja pagalasi, monga achitira pachipumi cha Napari, ndipo analichotsa msanga.

"Bambo a Napari! Makina anu ali ndi malungo!"

"Simukuona nambala?"

"Nambala yanuyo inauma kalekale! Tagwirani nokha, a injiniya!"

Wumbei anagwira, nazula pulagi. Ubongo unaumira chotenthetsera chili choyaka, ndipo panalibe woti audzutse. Anaswa dzira limodzi: kamwanankhanga kali ndi nthenga zake kale, katapsa. Lachiwiri chimodzimodzi. Pa lachisanu Sanatu anamugwira dzanja.

"Basi, zakwana. Mukawauze nokha amayi. Mukawafotokozerenso za utoto, poti ndi wokongola zedi."

M'mawa mwake Wumbei anakwera basi ya ku Kumasi ija, nabwera ndi timlonda todzaza kathumba. Koma mvula inali itatha, nkhanga zitaleka kuikira, ndipo khola limene Sanatu anamanga linakhala lopanda kanthu mpaka dzinja lina. Makinawo ankangonyezimira pakhomo, odutsa n'kumawayamikira.

Paja akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.