Nsinjiro za pa Minga

Goodwill anali mwana wa m'tauni. Kubadwira ku Ndirande, kudzera ku Joni, tsopano Govan, kutsidya kwa nyanja. Khasu ankangoliona m'manja mwa ena. Koma pakamwa, eee, mlimi wotheratu.

Mnzake wa kuntchito, Elias wa ku Iran, anali ndi kadimba m'kanyumba ka pulasitiki. Popita kutchuthi anamusiyira kiyi. "Uzisamala. Zakupsa uzidya."

Pakona panali kachitsamba mumphika. Kafupi, kotuwa, timasamba tating'ono, nthambi iliyonse yothera kumunga. Elias ankakalera ngati khanda. Kwawo kwa Elias kamamera kokha m'mapiri a miyala, n'kuchita maluwa masamba asanaphuke. Tsopano kanali ndi tizipatso taubweya. Goodwill anaswa kamodzi ndi mwala. M'kati, kamtedza.

"Alimondi!" anadziuza yekha.

Lamlungu ankayembekezera alendo: bwenzi lake Flossie ndi azakhali a Flossie, mayi Nelia. Kumudzi ankadikira mawu a azakhaliwo, ngati mnyamatayu ngoyenera kumupatsa mwana.

Nambala ya Elias anali nayo. Sanaimbe. Anathyola tizipatso tonse, minga ikumulasa. Anasinja nsinjiro, natendera sipinachi. Kulawa ayi, ndiwo zinali zochepa.

"Azakhali, izi si nsinjiro wamba," anatero patebulo. "Zochokera kudimba, ndi manja angawa."

Mayi Nelia anapemphera. Anatapa. Nkhope inakwinyika ngati nsalu yosasita. Analavulira m'katishu.

"Flossie, siya! Bambo, ndinakulakwirani chiyani ine?"

Goodwill anaseka, natapa zambiri kuti awaonetse. Ndulu yeniyeni! Anathamangira kusinki, misozi ili mbwe.

Apo ndiye anaimba foni. Elias anakuwa mpaka onse anamva: "Musameze! Ndi wakutchire ameneyo, ali ndi poizoni! Kwathu timawiritsa, kutaya madzi, kuwiritsanso. Wathyola tonse? Mbewu zanga!"

"Monga chinangwa chowawa," anatero mayi Nelia. Anatsuka m'kamwa, nanyamula chikwama. "Akandifunsa kumudzi ndinena zoona. Manja ali nawo, taonani zilondazo. Pakamwa ali napo, pokwanira anthu awiri. Makutu ndiye tidikire kaye, mwina amera."

"Azakhali, ndingaphikenso mazira..."

"A nkhuku, kapena mwatola penapake?"

Flossie anaseka mpaka pasiteji ya basi. Za chinkhoswe zinaimikidwa kaye. Goodwill anatsala ndi poto, akuzula minga m'zala, foni ili pambali pake, yomwe ija anali nayo kuyambira pachiyambi.

Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.