Wintchi Yomangidwa pa Bampala

Kudera lina la madambo, kutali ndi msewu wa tala, kunali dalaivala wina dzina lake a Mtumodzi. Ankayendetsa galimoto ya kachipatala ka mishoni, ija ya matayala aatali yolowa paliponse, ndipo anali atakhala nayo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ntchito yawo inali kukatenga odwala m'midzi yakutali. Uthenga ukafika kuti kwakutikwakuti munthu wadwalika, iwo ankaliza injini, kaya ndi Lamulungu, kaya chakudya chili m'manja. Zaka zimenezi zinawadya msana. Pofika nthawi ya nkhani yathuyi anali munthu wotopa, kutopa kuja kosatha ndi tulo, komwe munthu amadzuka nako m'mawa ngati sanagone n'komwe.

Chimene chinkawatopetsa koposa zonse chinali dambo la Nkhawazi, lomwe linali pakati pa midzi ndi chipatala. M'chilimwe munthu ankadutsapo akuimba mluzu. Mvula ikangoyamba, dothi lakuda la m'damboli linkameza matayala mpaka m'zitseko. Kutsogolo kwa galimoto kunali wintchi, makina aja okhala ndi waya wachitsulo wokulungidwa, amene umakoleka ku mtengo n'kudina batani, galimoto n'kumadzikoka yokha kuchoka m'matope. Koma wintchi ya kutsogolo imafuna mtengo wa kutsogolo, ndipo ku Nkhawazi kutsogolo ndi udzu ndi madzi okhaokha. Mtengo unalipo umodzi basi, m'bawa waukulu wa kumbali ya kumidzi, ndipo munthu wochokera kumidziko ankatitimira atausiya kale kumbuyo. Pansi pa m'bawa womwewo ndi pamene pankapatukira njira ya kuphiri, yozungulira ndithu, koma youma.

Choncho chaka ndi chaka nyimbo inali yomweyo. Galimoto yatitimira, wodwala akubuula mkati, a Mtumodzi apinda buluku n'kuyamba kuyendera midzi kupempha ng'ombe zodzakoka.

Tsiku lina mkulu wa chipatala anawaitana n'kuwaonetsa bokosi latsopano. Mkati munali wintchi ina, yoti imangidwe kumbuyo kwa galimoto.

"Mukatitimira, muzidzikokera m'mbuyo ku m'bawa uja n'kudzera kuphiri," anatero mkuluyo. "Pitani nayo kwa a Kumbanga akaimange mvula isanakule."

A Kumbanga anali makaniko wachikulire wa pamsika, munthu wosathamanga pa ntchito ndiponso wosadziwa kusunga bodza la munthu wina. Anazungulira galimoto ija kawiri, akupukuta manja ndi kasanza, kenako anagogoda bampala ya kumbuyo ndi sipanala.

"Masiku atatu, achimwene. Tichotse bampalayi, titsitse thanki ya mafuta, tipale matope ndi dzimbiri, mpaka tifike pa chesisi penipeni. Wintchi imamangidwa pa msana wa galimoto."

Chesisi, abale anga, ndi zitsulo zazitali za kunsi zimene zimanyamula galimoto yonse. Sizioneka, sizipakidwa utoto wokongola, koma mphamvu yonse ili pamenepo. A Mtumodzi atamva mawu akuti kupala matope, anada nkhawa, pakuti kunsi kwa galimoto ija kunali chinsinsi chawo.

Zaka ziwiri m'mbuyomo, pochokera kotula wodwala kwawo, anali atanyamula matumba a makala mobisa, kudzaza galimoto ya odwala mpaka kudenga. Katundu analemera, anagwera m'dzenje mwamphamvu, ndipo chitsulo cha msana chinang'aluka chakumbuyo kumanzere. Mng'alu unali wautali ngati chala. Sanauze munthu. Anaumata ndi matope osakaniza ndi oyilo wakuda, ndipo kuyambira pamenepo, akamatsuka galimoto, ankatsuka paliponse kusiya malo amenewo. Galimoto yawo inali yowala kuposa zonse m'deralo, koma panali malo amodzi pamene madzi sankafika.

Tsopano a Kumbanga ankafuna kulowa kunsi ndi chopalira. Akanauona mng'alu, akanauza mkulu wa chipatala tsiku lomwelo, ndipo pakanabwera mafunso. Unang'aluka liti? Munanyamula chiyani? Bwanji simunanene? A Mtumodzi analibenso mphamvu yochita manyazi pa ukalamba wawo. Ankangofuna kuti zinthu zithe msanga, apite kunyumba akakhale pansi.

"Masiku atatu achuluka, a Kumbanga. Odwala sadikira. Tingomanga pa bampala pomwepa, nayonso ndi chitsulo."

A Kumbanga anakana.

"Bampala ndi chovala, achimwene. Munthu akagwera m'chitsime sitimukoka ndi malaya. Ngati ndi choncho, ine dzanja langa sindiikapo."

A Mtumodzi anatenga bokosi lawo n'kubwerera. Loweruka masana anabwereka choboolera, anaboola bampala malo anayi, anamanga mabawuti anayi, n'kulumikiza mawaya ku batire. Ntchito ya masiku atatu inatha dzuwa lisanapendeke. Atadina batani, waya anatuluka bwinobwino, anabwereranso bwinobwino, makina akulira mokoma. Poyesa, anakoka chitsa chowola cha papaya kuseri kwa nyumba, ndipo chitsacho chinazuka.

Lolemba anthu a pachipatala anaizungulira galimoto akuyamikira. Mkulu uja anaona wintchi yonyezimira kumbuyo, anagwedeza mutu mokhutira, osawerama kuti aone pamene yagwira. Ndani amawerama poona chinthu chowala? A Mtumodzi anapuma mpweya wautali. Patapita milungu iwiri, nawonso anayamba kukhulupirira kuti ali ndi wintchi. Umu ndi mmene bodza limachitira: limayamba ndi kupusitsa anzako, kenako limadzagona pa mphasa yako. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Mwezi wa Febuluwale mvula inagwa masiku anayi osalekeza. Tsiku lachisanu m'mawa kunabwera uthenga wochokera kwa Mphanje, mudzi wa kutsidya kwa dambo, kuti mwana wa zaka ziwiri wadwala malungo ndipo akukomoka. A Mtumodzi ananyamuka ndi namwino, mayi Kalonjere. Popita anadutsa dambo movutikira, koma anadutsa. Anamupeza mwanayo m'manja mutayera, maso atatembenuka. Namwino anamuika dilipi n'kunena kuti pakufunika magazi, ndipo magazi ali kuchipatala.

Mayi wa mwanayo, mtsikana wamng'ono dzina lake Nasiwelo, anakwera kumbuyo atamufungatira. Pobwerera anafika pa m'bawa uja, pamphambano. Njira ya kuphiri ndi maola awiri, ya m'dambo ndi theka la ola. Madzi anali atakwera kuposa m'mawa.

"Tiyeseni m'dambo, bambo Mtumodzi," anatero namwino. "Zikakanika, si tili ndi wintchi ya kumbuyo?"

Apa ndi pamene a Mtumodzi akananena. Mawu anali ochepa chabe: mayi, wintchi ija musaidalire. Koma munthu amene wakhala chete zaka ziwiri, lilime lake limalemera. Analowetsa giya n'kulowa m'dambo.

Sanapite patali. Galimoto inayamba kuterereka, matayala anazungulira pamalo amodzi, kenako inakhala pansi ngati ng'ombe yotopa, matope mpaka m'zitseko. A Mtumodzi anatsika. Anagwira mbedza ya wintchi n'kuyamba kukoka waya kubwerera ku m'bawa, matope akufika m'ntchafu, phazi lililonse akulizula ndi manja. Waya anakwanira ndithu. Anazunguliza pa tsinde, anakoleka, anabwerera ku galimoto akupuma movutikira, n'kudina batani.

Waya anadzuka m'matope n'kukungika. Makina analira. Galimoto inagwedezeka pang'ono, ndipo Nasiwelo anadzutsa mutu ndi chiyembekezo. Kenako panamveka kulira kwa chitsulo chikung'ambika. Bampala inapindika pakati, inathothoka, n'kugwera m'matope pamodzi ndi wintchi yake, mawaya a batire ali lendelende. Galimoto sinasunthe ngakhale phazi limodzi.

Mtengo sunalakwe kanthu, unali chiimire. Waya sanaduke. Wintchi inali yatsopano ndi yamphamvu. Inakoka chimene inamangidwapo.

Namwino anatsegula chitseko.

"Berekani mwana, tiyende. Ine ndigwira dilipi."

Anatsika azimayi awiriwo n'kulowa m'madzi, wina mwana kumsana, wina botolo m'mwamba, kulunjika kuchipatala wapansi, ulendo wa maola atatu m'matope. A Mtumodzi anapita kumidzi kukapempha ng'ombe monga mwa kale, koma eni ake anali kuminda, ndipo anangolonjezedwa kuti zibwera. Anabwerera n'kukhala pansi pa m'bawa. Sanapemphere, sanalire. Anangokhala, akuyang'ana mabawuti anayi aja, omwe anali akadali olimba bwinobwino pa bampala yong'ambika.

Dzuwa litapendeka, anaona munthu akuchokera mbali ya kuchipatala, akuyenda pang'onopang'ono m'madzi. Anali Nasiwelo, yekha. Mwana anali kumsana monga m'mawa, koma tsopano anali atafunditsidwa chitenje mpaka kumutu, ndipo panalibenso dilipi. Mukudziwa mmene amayi athu amachitira mwana akatsirizikira pa ulendo. Amamubereka ngati wagona, salira m'njira, misozi amaisunga mpaka akafike pakhomo. A Mtumodzi anazindikira ali patali. Anaimirira n'kuvula chipewa.

Nasiwelo atafika pa mtengo anaima, anapinda maondo pang'ono mwaulemu, n'kulankhula motsitsa.

"Zakanika, bambo. Anatisiya tisanatuluke m'dambo. Koma inu musadandaule, munayesetsa. Ndinakuonani mmene munavutikira m'matope muja. Mulungu akudalitseni."

Anapitiriza ulendo wake kulowera kwa Mphanje.

A Mtumodzi akanakonda mayiyo akanawatukwana. Chipongwe akanachisenza, pakuti anali atasenza zambiri. Koma dalitso limenelo linawalemera kuposa matumba onse a makala aja. Palibe amene angalumbire kuti mwanayo akanachira akanadzera kuphiri. Zimenezo adziwa ndi Mulungu. Chimene a Mtumodzi ankadziwa n'chakuti njira yobwerera inalipo, mtengo unalipo, ndipo amene anatseka njirayo ndi iwo, Loweruka lina masana, ndi mabawuti anayi.

Ng'ombe zitaitulutsa galimoto, m'mawa mwake sanapite kunyumba kukapuma. Anapempha mkulu wa chipatala kuti awaperekeze kwa a Kumbanga. Atafika, anavula jekete, anagona chagada pa dothi, analowa okha kunsi kwa galimoto, n'kuyamba kupala matope aja ndi zikhadabo mpaka mng'alu unaonekera.

"Bwerani muone," anatero ali kunsi komweko. "Ndinang'alula ndine. Ndikuuzani zonse."

A Kumbanga anawerama, anaona, n'kupukusa mutu.

"Kameneka? Kuwotcherera kwake ndi theka la tsiku, achimwene. Mukanangonena."

Abale ndi alongo, tanthauzo lake nali. Tonsefe timatitimira. Munthu amalowa m'dambo la tchimo akuganiza kuti adutsa, ndipo kutsogolo kulibe chogwira. Ukamaponda mafuta, ndi pamene ukumira. Chipulumutso chili kumbuyo, kwa Mulungu amene tinamupitirira pamphambano. Iye ndiye mtengo uja. Sanasunthe, sadzazuka, ndipo waya wa chifundo chake amafika paliponse pamene wamira. Kubwerera kwa Iye ndiko kulapa, ndipo kulapa ndiyo wintchi ya kumbuyo.

Funso langa lero si lakuti muli nayo kapena ayi. Ambiri muno tili nayo, yonyezimira. Funso n'lakuti mwaimanga pati. Ine ndakalamba pa guwa lino, ndipo kunena zoona ndatopa kuona kulapa kwa pa bampala. Timagwada, timaimba mokweza, timabwera kutsogolo chaka chilichonse ndi misozi yomweyo, timalapa timachimo tosachititsa manyazi, tija ta chitsa cha papaya. Koma pali malo amodzi kunsi kwa mtima pamene sitilola madzi kufika, ndipo aliyense wa ife akupadziwa. Tsiku la matope likadzafika, kulapa koteroko kudzathothoka n'kupita kokha, inu mudzatsala pomwepo. Ndipo kawirikawiri sutsala wekha. M'galimoto mwako muli mkazi wako, muli ana ako, muli anthu amene anakwera chifukwa anakukhulupirira.

Ndikudziwa kuti mwatopa. A Mtumodzi nawonso anali atatopa, n'chifukwa chake anasankha ntchito yachidule. Koma chimene chinkawatopetsa kwenikweni sanali madambo ayi. Kunali kutsuka galimoto zaka ziwiri akuzemba malo amodzi. Mng'alu umene mukuubisawo, kwa Mmisiri wathu ndi ntchito ya theka la tsiku. Gonani pansi, mumuonetse ndi chala chanu pamene panang'aluka, amange chipulumutso chake pa msana penipeni pa moyo wanu. Chitani zimenezi lero kukadali kouma, pakuti mvula ikubwera, ndipo simudziwa amene mudzakhale mutamunyamula tsiku limenelo.