Chinangwa cha Kumpanda

Mayi telala ndi mlamu wake ankalekanitsidwa ndi mpanda wokha, koma moni ankapatsana ngati akulipira msonkho. Chomwe chinkamudya mtima mayi telala chinali dimba la mlamuyo: chinangwa chobiriwira, odutsa n'kumachiyamikira, pamene kuseri kwa nyumba ya mayi telalayo kunali chisoso chokhachokha.

Kupempha mbewu? Ayi ndithu, pakamwa pankalemera. Tsiku lina mlamu atapita kuchigayo, mayiyu anapisa mkono pampanda n'kuthyola mitengo ya mzere wa m'mphepete, womwe unali wonenepa kuposa yonse. Anabzala, chinaphuka, ndipo matama anakula msanga kuposa chinangwacho.

"Ena amayesa ulimi ndi wawo okha," ankatero mokweza, akupalasa makina ake pakhonde.

Mlamu anasuzumira pampanda. "Alamu, mbewu imeneyi mwaitenga kuti? Masamba akewo..."

"Komwe ndinaitenga. Kodi chinangwa chimayenda ndi chiphaso?"

Mlamu anangoti chabwino, n'kubwerera.

Chitakhwima, kunabwera makolo a mnyamata amene ankafuna kukwatira mwana wamkazi wa mayi telala. Apa mayiyu anafuna alendo aone kuti mtsikana akuchokera pakhomo la anthu olimbikira. Anazula, kusenda, kuphika, osalawa n'komwe, n'kuika patebulo pamodzi ndi tiyi.

"Idyani, n'cha m'dimba mwanga chimenechi. Ife zogula sitizidziwa."

Bambo a mnyamata analuma. Nkhope inachita tsinya, koma chifukwa cha ulemu anameza, misozi ili lengelenge. Akazi awo, poopa kunyoza, anatha zidutswa ziwiri. Posakhalitsa chinawagwira chizungulire, ndipo nkhani ya ukwati inakathera kuseri kwa nyumba, alendo atagwira khoma, akusanza.

Mlamu anathamanga ndi madzi. "Kalanga ine, alamu! Cha kumpanda chija n'chowawa, ndinabzalira kuletsa mbuzi ndi akuba. Chimafuna kuviika, kuyanika, kenako kusinja. Chokoma chili pakati pa dimba. Mukananena, ndikanakupatsani mtolo wathunthu."

Alendo anamva zonse, ndipo liwu la akubalo sanaliphonye. Anachoka osatsanzika, phazi lawo silinapondenso pakhomopo. Mtsikana analira mpaka maso kutupa.

"Amayi, chinavuta n'chiyani kungotsegula pakamwa?"

Mayi telala anangotola chinangwa chotsalacho n'kukachitaya kudzala. Manyazi akewo, ngakhale mbuzi zinamuposa nzeru, poti izo zinkangonunkhiza n'kudutsa. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.