Mzere wa Dowe wa Zelifa

Panali bambo wina ku Ntchisi, mlimi, amene mkazi wake anamwalira n'kumusiyira mwana mmodzi yekha, dzina lake Zelifa. Bamboyu anali ndi chizolowezi chake. Chaka chilichonse ankapatula mzere umodzi wa chimanga m'mbali mwa chulu, pamene chimabereka bwino, ndipo panalibe wothyolapo dowe Zelifa asanalawe. Anayamba zimenezi mwanayo akungomera mano, ndipo sanasiye.

Zelifa anakula, nasankhidwa kupita ku koleji ku Blantyre, kukaphunzira zomwe mwadzera inu m'kalasi muno: malonda a pakati pa mayiko, ndi kasamalidwe ka ndalama za m'thumba mwa munthu. Mutu unalipo, osati enanu mukuyasamula kumbuyoko dzuwa lili pamutu. Anaphunzira kuti ndalama yosungidwa imabereka, ndi kuti wofuna zazikulu amayamba wadzimana zazing'ono. Anaphunziranso kuti katundu wopita kunja ali mitundu iwiri. Wina, monga tiyi ndi nandolo, amatha kudikira sitima padoko osawonongeka. Wina, monga mango ndi maluwa, sadikira munthu. Ukachedwa naye wataya. Mayeso a phunziro limeneli anakhoza kuposa anzake onse.

Bambo ake ankawakonda, musaganize kuti ayi. Ankawasowa kwambiri. Akamva fungo la chimanga chootcha m'mbali mwa msewu ku Limbe, ankaima kaye ngati wina wamuitana. Koma anakhala pansi n'kulingalira monga anaphunzitsidwira. Ku Ntchisi n'kutali, basi ndi yodula, ndipo ukapita ukafika chimanjamanja. Bwanji osasunga maulendo onsewo, n'kudzapita kamodzi kokha, digiri ili m'manja, malata a nyumba ya bambo ali pagalimoto? Choncho tchuthi chikafika, iye ankalowera ku Mwanza, kukaphunzira ntchito pakampani ina yotumiza katundu kunja.

Nyengo ya dowe ikakwana, bambo ankabwereka foni ya mlongo wawo, azakhali ake a Zelifa, n'kumuuza mwanayo kuti mzere wake wacha. Iye ankayankha kuti angodya, kuona maso a nkhono n'kudekha, adzabwera ndi zabwino. Bambo sankatsutsa. Komanso sankadya. Anthu ankakolola minda yonse, mzere uja uli chiimire, mpaka chiswe n'kuugwetsa.

Patapita zaka, foni inayamba kubwera ndi mawu a azakhali okha. Ankati achimwene awo ayamba kuiwalaiwala, khasu alisiya kumunda n'kumakalifuna m'nkhokwe. Zelifa anati ndi ukalamba chabe, natumiza ya mankhwala. Mtima unkamuwawa ndithu, koma sukulu inali itatsala pang'ono kutha, ndiye anati apirire.

Anamalizadi. Ntchito anaipeza, malata anagula, ndipo anasankha dala kufika kwawo nyengo ya dowe. Njira yonse ankangoganiza za mmene bambo ake adzadzukire pampando akamuona.

Anawapeza atakhala pakhonde, maso ali kumunda. Anagwada patsogolo pawo n'kuwagwira dzanja. Iwo anamulandira ndi ulemu wonse, ulemu uja timapereka kwa munthu wosamudziwa.

"Takulandirani alendo. Mwachokera kuti?"

"Ku Blantyre, bambo. Ndine Zelifa."

Nkhope yawo inawala. "Dzina la mwana wanga lomwelo. Nayenso ali komweko, kusukulu. Kamtsikana kochepa thupi, kamutu wabwino. Mukabwerera mukamuuze kuti mzere wake wacha. Asachedwe, dowe sachedwa kuuma."

Azakhali, ataima pakhomo, anayang'ana kumbali. Kenako anamunong'oneza kuti uthenga ndi womwewo kwa aliyense wodutsa, ngakhale ogula nkhuku amapatsidwa. Anatinso zambiri anaiwala, ngakhale mayina a anthu oyandikana nawo nyumba, koma mvula ikagwa amadzuka okha kukabzala mzere wa pachulu.

Zelifa anafuna kuwagwedeza, kuwaonetsa digiri, kuwalozera malata pagalimoto. Sanatero. Anameza misozi n'kunena kuti, "Ndikamuuza, bambo."

Atatero anavula nsapato zake za ku ofesi, natsikira kuchulu. Mzere unalipo, wobiriwira, wosakhudzidwa. Anathyolapo chimanga chimodzi, nakoleza moto, naotcha yekha monga ankachitira ali mwana. Mumtima ankati mwina fungo likawakumbutsa chimene maso akanika. Anabwera nacho pakhonde chikadali chotentha, nagwadanso, nawapatsa ndi manja awiri.

Bambo anachiyang'ana, nafunsa pamene wathyola. Atamva, anabweza manja awo pamiyendo. Sanakalipe ayi, anali munthu wofatsa.

"Pepani alendo, simunadziwe. Cha pachulu sitidya. Mwini wake sanalawe."

Zelifa anakhala pansi pafupi ndi mapazi awo, chimanga chili m'manja mpaka chinazizira. Bambo anabwezeranso maso kumunda, n'kupitiriza kudikira mwana wawo.

Tsono inu ana anga a chaka choyamba, musandimve molakwa. Kusunga ndikuphunzitsani, ndipo muzisunga; amene adzadyere ya mwezi wonse pa tchipisi ndidzakangana naye ndekha. Zoyenda ndi sitima ndi zoyenda ndi ndege mudzazidziwa zonse. Koma pogawa katundu wa moyo wanu, wodikira uku, wosadikira uko, amene anakulerani musawaike pamulu wa nandolo. Malata sawola, adzagulidwa chaka china. Tchuthi chikubwerachi kwerani basi, ngakhale chimanjamanja, mukafike akadali okhoza kukutchulani dzina. Kwanuko kuli wina amene wakusiyirani mzere, ndipo sakudya.