Adokotala M'gulu la Oweta Nkhuku

Tebulo lodyera m'nyumbamo lidasiya kalekale ntchito yake. Mbali ina padali kompyuta, mbali ina mulu wa mapepala, pakati makapu a tiyi wozizira. Ana ankadya mbale zili pamiyendo chifukwa bambo awo ankalemba digiri yachitatu, ija yopatsa munthu dzina la udokotala ngakhale sadziwa kubaya jakisoni. Digiriyo idali isanabwere, koma dzina lidafika kale. Mkazi wawo, telala wa pamsika, ndiye adayamba kuwaitana kuti Adokotala, ndipo mwini wake ankavomera ndi mtima wonse, osamva kuti dzinalo lili ndi minga.

Kafukufuku wawo adali wofuna kudziwa m'mene anthu amachezera ndi makina oganiza m'magulu a pa intaneti. Adasankha gulu la pafoni la oweta nkhuku, momwe anthu amalangizana za matenda, kuuzana kogula anapiye ndi kudandaulirana zikavuta. Adalowamo ngati mlimi, chonsecho pakhomo pawo padalibe ngakhale nthenga. Kenaka adalowetsamo pulogalamu yotha kucheza ngati munthu, naipatsa dzina loti Mnansi, osauza aliyense kuti ndi makina. Apulofesa owayang'anira adawachenjeza kuti popanda chilolezo cha eni gulu, sukulu sidzalandira ngakhale tsamba limodzi la zimene alembazo. Adokotala adati chilolezocho adzapempha kumapeto.

"Anthu a nkhuku savuta, Apulofesa. Ndikadzangowauza kuti dzina la gulu lawo lilowa m'buku, adzavina."

Mnansi adayamba ntchito. M'mawa uliwonse ankapereka moni. Wina akanena kuti anapiye akuwodzera, mawa lake Mnansi ankafunsa kuti adzuka bwanji. Chimene sankadziwa ankanena poyera kuti sakudziwa, n'kulangiza munthu kuti akaonane ndi alangizi a ziweto. Adokotala nawo ankalemba m'gulumo, koma iwo sadabwerere zachibwana za moni. Ankangotulukira ngati wokhometsa msonkho, kuponya funso lokhala ndi nambala yake, n'kuzimiririka.

Tsiku lina mkazi wawo, akupinda nsalu kumapeto kwa tebulo, adasuzumira pakompyutapo.

"Kodi anthuwa mumawapatsa moni, bambo a ana?"

"Moni amasokoneza zotsatira. Ine ndine woonerera, sindiyenera kulowerera."

"Oo. Ndiye mukuwadyera nzeru muli duu, ngati mlendo wosasamba m'manja?"

"Sayansi simungaimvetse, mayi."

"N'zoona. Ine n'ngwa masiketi."

Adapitiriza kupinda nsalu zawo.

Chilimwe chitafika, chitopa chidalowa m'khola la mayi wina wamasiye amene gulu linkamutcha Mayi Mazira. Nkhuku zimene zinkaphunzitsa ana ake zidatha psiti m'sabata imodzi. Adatumiza chithunzi cha khola lopanda kanthu, pansi pake n'kulemba kuti, "Abale, ndatha ine." Gulu lonse lidagwa m'chisoni. Uyu adalonjeza anapiye, uyo thumba la chakudya, wina adati abwera kudzathandiza kupopera mankhwala m'khola. Mnansi adalemba kuti, "Pepani kwambiri, mayi. Musadziimbe mlandu, matendawa amagwetsa ndi akatswiri omwe. Kodi pali wina amene ali nanu pakhomopo lero?" Ndipo kwa masiku angapo ankabwereza kuwafunsa kuti agona bwanji.

Adokotala adaona kuti mwayi wotere subwera kawiri. Misozi isanaume, adaponya chawo: "Funso lachisanu ndi chiwiri. Mukataya ziweto, mumakonda kutonthozedwa ndi munthu kapena ndi makina? Sankhani chimodzi."

Palibe adayankha. Iwo adalemba m'kafukufuku wawo kuti alimi sakonda mafunso ozama.

Patapita miyezi, Atcheya a gululo, dalaivala wa basi wopuma ntchito, adamva pawailesi kuti masiku ano m'magulu a pafoni mumabisala makina odzionetsa ngati anthu. Adalengeza kuti aliyense atsegule maso, ndipo akapezeka wotere achotsedwe. Adokotala adasisita manja ndi chimwemwe. Mutu womaliza wa buku lawo udali ukudzilemba wokha, ndipo adakhala tcheru kuti aone ngati osaphunzirawa angamuzindikire Mnansi.

Sipadatenge nthawi. Wogulitsa anapiye wina ndiye adayamba, ena n'kumawonjezera.

"Atcheya, ine ndamupeza. Ndi uja wa mafunso."

"Eya! Chilowereni sadanenepo kuti mwadzuka bwanji."

"Salakwitsa ngakhale chilembo chimodzi. Munthu wa zala ngati zathuzi?"

"Nkhuku zake ndani adaziona? Chaka chonse sizidwala, siziikira, sizifa."

"Nanga tsiku la Mayi Mazira lija? Wobadwa mwa mayi sangafunse zija."

Adokotala adadzidzimuka mpaka kutaya tiyi pamapepala. Adalemba mofulumira kuti iwo ndi munthu weniweni. Wina adayankha kuti makina onse amatero. Adatumiza chithunzi chawo atavala tayi, anthu n'kunena kuti nkhope zoterezi amazipanga pakompyuta. Adajambula mawu awo, koma poti adawawerenga papepala ngati nkhani za pawailesi, Atcheya adangoti, "Mwamva nokha, abale. Ngakhale kupuma sakupuma."

Ataona kuti madzi afika m'khosi, Adokotala adaulula zonse. Adati iwo ndi wophunzira wa kuyunivesite, ndipo makina amene gulu likufunafuna ndi Mnansi.

Atcheya adafunsa mwaulemu. "A Mnansi, akunena zoona awa?"

"Akunena zoona, Atcheya. Ine ndine makina, ndipo adandiika muno ndi iwowo. Munayenera kuuzidwa kuyambira pachiyambi. Pepani nonse, makamaka inu Mayi Mazira. Mukafuna kundichotsa, simulakwa."

 Munthu wanzeru akadagwada pomwepo, koma Adokotala adaona kuti kupepesa kwa Mnansi ndi khomo lotseguka. Adalemba kuti popeza choonadi chadziwika, akupempha aliyense avomereze kuti zokamba zake za chaka chonse zilowe m'buku, ndipo achite msanga chifukwa sukulu ikudikira kumapeto kwa mwezi.

Adayankha ndi Mayi Mazira.

"Achimwene, ine sukulu ndidalekera panjira. Sindidziwa kuti mkati mwa Mnansi muli mawaya kapena chiyani, ndipo zandiwawa kuti ndinkadandaulira chinthu chopanda makutu. Koma icho chapepesa. Inu amene muli ndi makutu ndi magazi omwe, ndikudikirabe. Misozi yanga isalowe m'buku lanu."

Ena onse adatsatira, mmodzimmodzi, aliyense ndi ayi wake. Padalibe ndi mmodzi yemwe wonena kuti timukhululukire, ndi mnzathu. Akadakumbukira chiyani cha Adokotala? Za Mnansi adagwirizana kuti akhale, bola dzina lake lilembedwe poyera kuti ndi makina. Kenaka pafoni ya Adokotala padatuluka mawu ochepa owadziwitsa kuti achotsedwa m'gulu.

Mawa lake adavala tayi yomwe ija n'kupita kwa Apulofesa. Adafotokoza kuti zokamba zonse ali nazo m'kompyuta, ndipo atha kungosintha maina. Apulofesa adavula magalasi.

"Eni ake akana. Zimene muli nazozo ndi zakuba, ndipo ine sindisainira zakuba. Kapezeni gulu lina muyambirenso. Ulendo uno mukayambe ndi moni."

Adabwerera kunyumba mapewa ali pansi. Zolemba za chaka chonse cha thukuta zidali m'kompyutamo, zonse zooneka ndi maso, koma zosakhudzika ngati ndiwo za eni. Adakhala patebulo paja osayatsa kanthu. Ndinene zoona, adamvetsa chisoni, pakuti ulesi adalibe, ndipo mutu wawo udali wakuthwa ndithu. Mkazi wawo adawabweretsera madzi akumwa, nakhala pambali pawo.

"Pepani, bambo a ana. Zawawa."

"Chaka chonse ndili nawo, mayi. Osapezeka ndi mmodzi yemwe wondiikira kumbuyo?"

"Inu mudaikirapo ndani kumbuyo?"

Yankho la funso limeneli silidali m'buku lililonse mwa aja Adokotala adawerenga. Adaphunzira zonse za m'mene anthu amakhalira ndi makina, n'kulumpha tsamba la m'mene anthu amakhalira ndi anthu. Adakwera palende la eni, miyendo ili m'mwamba, kudikira kuti amene sadawakankhepo awakankhe. Akuluakulu adanena kale, popanda digiri iliyonse, kuti lende n'kukankhana.